Mphamvu ya chakudya imene imatsalira m'chimbudzi

Mayi aliyense wa kuno ku Mchinji amene analerapo mwana amadziwa kuti mwana akadya mtedza wokazinga, m'mawa mwake tizidutswa take timaoneka m'chimbudzi chake ngati kuti sanatafune n'komwe. Ine ndinkaziona zimenezi polera ana a achemwali anga, koma sindinkadziwa kuti asayansi amayeza mphamvu yotayika motere, ngakhale mwa amayi athanzi amene sakudwala chilichonse.

Ntchitoyi ndi yofuna kupirira. Amayi odzipereka amadya chakudya choyezedwa pasikelo, ndipo amameza kapisozi wa utoto pachiyambi ndi pamapeto, kuti chimbudzi chochokera ku chakudyacho chizindikirike ndi mtundu wake. Chimbudzi chonse cha masiku atatu kapena kuposerapo chimasungidwa n'kuumitsidwa, popeza pafupifupi magawo atatu mwa anayi ake ndi madzi. Kenaka kachidutswa kouma kamatenthedwa m'chitsulo chotsekeka chodzaza ndi okosijeni, chotchedwa bomb calorimeter, chomwe chimamizidwa m'madzi, ndipo kufunda kwa madziwo ndiko kumasonyeza kuchuluka kwa mphamvu. Chakudya chofanana ndi chimene anadya chimatenthedwanso, ndipo kusiyana kwa ziwirizi kumaonetsa zimene matumbo anayamwa.

Mwa munthu wathanzi, magawo 5 mpaka 10 pa 100 alionse a mphamvu ya chakudya amatuluka osalowa m'thupi, kotero mayi wodya makalori (muyeso wa mphamvu ya chakudya) 2,000 patsiku angathe kutaya 100 mpaka 200. Amayi amayenera kuyezedwa paokha chifukwa chakudya chimachedwerapo m'matumbo mwawo kusiyana ndi mwa abambo, komanso dokotala sangadziwe kuti wodwala akutaya zochuluka ngati sadziwa muyeso wa munthu wabwinobwino.

Chimene chimandigwira mtima ndi nkhani ya mtedza ija. Manambala a pa mapaketi a zakudya, akuti galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori 9 pomwe ya sitachi kapena mapuloteni ili ndi 4, anachokera kwa wasayansi Wilbur Atwater wa ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo ndi ongoyerekezera zakudya zambiri pamodzi. Mafuta a mtedza amakhala otsekeredwa m'timaselo tolimba timene mano saphwanya tonse. Mtondo ndi munsi zimaphwanya bwino kuposa mano, n'chifukwa chake nsinjiro ndi chiponde zimapereka mafuta ambiri kuthupi kusiyana ndi mtedza womwewo wongokukuta. Achemwali anga, amene sanamvepo za Atwater, sankalola kuti phala la mwana wawo wamng'ono liphikidwe lopanda nsinjiro.