Za tenti ija, lekani ndinene ndekha

Popeza zithunzi zafika kale pa gulu la WhatsApp la ku Chilomoni, ndipo ena mwayamba kundipatsa moni woti "mwagona bwanji anamfedwa," lekani ndifotokoze ndekha. Choyamba, tenti ija sindinasankhe ine. Ndinangouza a mkulu a kutchalitchi kwathu kuti ndikufuna kubwereka tenti Loweruka. Iwo anandigwira paphewa n'kuti, "Pepani kwambiri, achimwene, anyamata akupakirirani." Pepaniyo ndinangoti ndi ulemu wa anthu a Mulungu.

Pulani yanga inali yomveka: kunyamuka m'tauni ndi pikapu, kudutsa Namadzi, Thondwe, Zomba, kutsikira ku Kachulu, kenako kuwoloka mpaka pachilumba cha Chisi. Pagalimoto, inde. Musanaseke, dziwani kuti Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anangokhala pamatope ong'aluka. Ndinaona pa TV ndi maso angawa. Kungoti madzi atabwerera palibe anandiimbira foni.

Tinafika pa Kachulu dzuwa litapendeka, ine, mayi akunyumba ndi alamu anga. Madzi okhaokha mpaka komwe maso alekezera, asodzi akukankha mabwato ndi nsungwi. Wina amene ankayanika matemba anayang'ana pikapu, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa mwaulemu ngati imasambira. Ndinati tigona pompano, tiwoloka mawa pabwato. Umenewo ndiye utsogoleri.

Titamasula mtolo uja, zitsulo zinangotuluka osatha. Tenti yoti mungalowe mudzi wonse ndi kwaya yomwe, ife anthu atatu. Anyamata a padoko anatithandiza kuimika, ali duu, nkhope zili pansi, ndipo anakana ndalama. Ndinauza mayi kuti anthu a kuno ndi oleredwa bwino.

Alamu anathyola nthambi zosesera pansi, atamaliza n'kuziponya pamsewu. Kenako, chifukwa cha zimene ankamwa kuyambira pa Limbe, anagona chagada pakati penipeni pa tenti, n'kudzifunda nsalu yoyera ya pabedi kuyambira kuphazi mpaka kumutu. Udzudzu wa ku Chilwa, amene munagonako mukuudziwa. Mayi anali pa mbaula, makala onyowa, utsi uli tolo, misozi ili chuchuchu.

Wanjinga woyamba atafika pa nthambi paja anatsika, n'kuvula chipewa. Wachiwiri chimodzimodzi. Kenako kunatulukira amayi, zitenje m'chiuno, mipango kumutu, n'kudzakhala pansi mozungulira alamu. Wina anayambitsa nyimbo chapansipansi, anzake n'kulandira. Kunena zoona ankaimba bwino. Agogo ena anakumbatira mkazi wanga n'kumati, "Lirani mwanangu, musazisunge mumtima." Mkazi wanga, mmalo mofotokoza, anangotsokomola.

Ine ndinali pampando, bambo wina wachikulire n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, n'kundisiyira K500 yopindapinda. Ndinati zikomo. Inuyo mukanati chiyani? Wachiwiri anasiyanso. Ndinayamba kuganiza zoti ku Blantyre tinataya chikhalidwe cholandira alendo. Bambo uja analoza ndi mlomo kwa alamu, n'kufunsa monong'ona, "Adwala nthawi yaitali?"

"Ayi bambo," ndinatero, "angoyamba kudandaula mutu pa Thondwe pomwepa."

"Pa Thondwe! Lero lomwe?"

"Lomweli. Tinawaletsa, koma samva."

Anapukusa mutu nthawi yaitali. Nanenso ndinapukusa, poti alamu samvadi.

Nyimbo ili pa ndime yachitatu, nsalu ija inagwedezeka. Amayi a kutsogolo anasiya kuimba, a kumbuyo akupitirizabe. Alamu anadzuka pang'onopang'ono, nsalu idakali kumutu, n'kufunsa ndi mawu a kumanda, "Nsima ija yapsa?"

Abale inu. Agogo amene anabwera ndi ndodo anaisiya pomwepo, ndipo ndi amene anali patsogolo. Wina anathawira kunyanja n'kukalowa m'bwato la eni ake. Wanjinga anathamanga atainyamula njingayo paphewa. Pansi panangotsala mapatapata osagwirizana mapazi. Alamu ataona anthu akuthawa, nawonso anathawa, nsalu ili m'manja, akufunsa kuti kwagwanji. Mmene anthu aja anacheuka n'kuona kuti akuwatsatira, sindikufuna kunena.

Mlandu unakambidwa m'mawa kwa amfumu. Anati kuika masamba pamsewu m'mudzi mwawo iwo osadziwa, kaya wakufayo ndi wamoyo, ndi nkhuku. Ndinalipira. Za chipepeso anati ndibweze, ndipo anthu amene anabwera kudzatenga anachuluka kuposa amene anapereka. Ndinabweza mpaka ndalama ya bwato.

Chisi ndinachiona, chili apo, mapiri ake obiriwira bwino. Amene mukufuna kupitako, galimoto muisiye pa Kachulu. Ndipo ngati wina waona chitsulo chimodzi cha tenti pakati pa Zomba ndi Namadzi andiuze, a mkulu akundifunsa Lamulungu lililonse.