Agogo athu apuma

Abale ndi alongo, agogo athu aakazi atisiya usiku wathawu kuno ku Bangula, atadutsa zaka 80. Mtima ukuwawa.

Ambiri munkawadziwa ngati mayi wogulitsa milamba yowamba pamsika. Koma manja omwewo anagwirapo mfuti. Ali mtsikana ku Tete, analowa gulu la asilikali aakazi la Frelimo lomwe linakhazikitsidwa mu 1967, ndipo ankasenza zipolopolo pamutu usiku wonse m'tchire mpaka Mozambique italandira ufulu mu 1975. Nkhondo ina itavuta mu 1986, anathawira ku Nsanje, mwana kumsana, amuna awo akutsatira ndi mphasa ndi poto mmodzi basi.

Za kunkhondo sankakonda kukamba. Ndinaona chipsera chachikulu paphewa pawo tsiku lina ndikuwathira madzi osamba. Nditafunsa, anangoti, "Thira madzi, mdzukulu wanga, dzuwa lakwera."

Analera ana asanu ndi mapira a kumunda kwawo, natilera ifenso. Ngakhale maondo atafooka, m'mawa uliwonse pabwalo pankakhala posesa tisanadzuke.

Mwambo woika maliro ndi mawa masana. Amene mungathe, bwerani tidzawaperekeze.