Zikomo a ku Kasungu, ana otola mabotolo amaliza chaka ali m'kalasi

Sukulu zatsekera, ndipo ambiri mwa ana aja ankatandala kumtaya ndi kudepoti ya mabasi akutola mabotolo ndi zitsulo afika kumapeto a chaka osathawa sukulu. Ife makolo amene timayang'anira ntchito yobwezera anawa kusukulu tati tithokoze poyera.

Tiyambe ndi inu amayi a thobwa ndi mafuta ophikira mumsika. Mabotolo apulasitiki amapezeka m'mamawa osesa asanadutse, nthawi yomwenso belu limalira. Mwana akasankha sukulu amapeza anzake atatola kale, tsikulo n'kugona ndi njala. Inu munavomera kugula masana ana ataweruka, ena mpaka kuwasungira mabotolo m'thumba kuseri kwa benchi. Abambo ogula zitsulo amene munakana kukweza katundu wa mwana pasikelo nthawi ya sukulu, tikudziwa kuti phindu linakudutsani. Ambuye akubwezereni.

Aphunzitsi, inu ndiye munasenza mtolo wolemera. Pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994, koma chothawitsa ana amenewa ndi manyazi. Mnyamata wa zaka 12 akhale mu Sitandade 2, malaya akununkha utsi wa kumtaya, anzake akugwira mphuno n'kumamuti "masikini", sabata silitha ameneyo wabwerera. Munawayesa kaye kuwerenga musanawapatse kalasi, munathetsa mayina onyozawo, ndipo simunabweze mwana chifukwa chosowa yunifolomu. Ogona m'makonde a masitolo munawalola kusiya makope mu ofesi, poti kunjako amanyowa kapena kubedwa.

Amayi a komiti ya pasukulu, zikomo chifukwa cha sopo ndi malaya awiriawiri. Amodzi sakwana ayi, mwana akachapa madzulo sauma, m'mawa amajomba. Alangizi a zaumoyo munatsuka mabala a zitini ndi magalasi, n'kutiphunzitsa kuti mphere sizitha ndi mankhwala okha ngati zofunda sizinachapidwe ndiponso ogona limodzi sanapake onse.

Alipo amene anatipulumuka nyengo ya fodya, anapita kukasoka m'maesiteti, ndipo tikuwafunafunabe pamodzi ndi mafumu. Sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, ofuna kuthandiza kasiyeni makope, zolembera ndi sopo kwa a hedi. Musapereke ndalama m'manja mwa mwana mumsewu, akuluakulu a komweko amamulanda musanakhote n'komwe.