Kavalidwe ka Pantchito

Lamulo la 1973 loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi linathetsedwa mu 1993, ndipo ndimakondwera kuti masiku ano mayi sangamangidwe chifukwa chovala thalauzi. Komabe ufulu umenewu sunachotse udindo wathu wodzisamalira tikamapita kuntchito. Namwino, mphunzitsi kapena kalaliki wa kubanki amakumana ndi anthu amene amayamba kumukhulupirira asanalankhule n'komwe, akangoona malaya ochapa ndi osita bwino, nsapato zopolisha ndi tsitsi lopesa. Sindikunena za suti yodula ayi, pakuti zovala za pakaunjika zimakwanira bwino lomwe munthu akamazisamala. Achinyamata amene mwaitanidwa ku mafunso a ntchito, chonde sitirani zovala zanu dzulo lake, chifukwa magetsi angathe kuzima m'mawa.