Ku Chipata Mfumu Ndi Imodzi, Enawo Ndi Ameya

Chimene chinandiyambanitsa ndi amalume ndi mawu aja timamva tsiku ndi tsiku pa wailesi kwathu ku Malawi, akuti "mfumu ya mzinda". Tinali pakhonde ku Kapata, m'tauni ya Chipata ku Zambia, mvula itangokata kumene, ndipo ine ndinangofunsa mocheza kuti kodi mfumu ya mzinda wa Chipata ndani masiku ano. Amalume anatsitsa kapu ya tiyi n'kundiyang'ana ngati ndaponda mphasa yawo ndi nsapato zamatope.

"Mphwanga, kuno mfumu ndi Mpezeni. Amene ukunenayo ndi meya. Usakayankhule zimenezo pagulu, Angoni angakuseke."

Ulendowu unali wa mu Januwale 2023. Amayi anandituma kukaona mlongo wawoyu atamva kuti miyendo ikumuvuta. Ndinakwera minibasi ku Lilongwe m'mamawa, kudutsa pa Namitete ndi pa Kamwendo mpaka pa Mchinji, kenako kagalimoto kodzaza anthu ndi matumba kokafika pa boda. Nyumba yatsopano ya pa boda ya Mwami inali isanathe n'komwe miyezi iwiri chiitsegulireni a Chakwera ndi a Hichilema mu Disembala 2022, moti zodinditsa pasipoti zinathera pamalo amodzi. Panja anyamata osintha ndalama anandizungulira ngati nkhuku zaona chimanga. Ndinawapatsa mpukutu wa makwacha akwathu, iwo n'kundibwezera timapepala towerengeka ta makwacha awo. Dzina ndi limodzi, koma m'thumba munapepuka.

Kuchoka pa Mwami kukafika m'tauni ndi pafupifupi theka la ola. Umangoona mapiri akuyandikira uku ndi uku, kenako njinga. Njinga za ku Chipata n'zosawerengeka: zamakala, zankhuku, zonyamula anthu, ndipo pano zamoto zikulimbirana nazo msewu. Amalume akuti zinayambira kutali, pajatu fakitale ya Luangwa Industries imene inkapanga njinga za Eagle inali mom'muno.

Amalumewa anaolokera kuno ali mnyamata, m'zaka za m'ma 1970, ndipo anakalambira pa ntchito ya khonsolo, poyamba kudula matikiti pamsika, kenako mu ofesi. Ndinkayembekezera kuti andiwerengera mayina a mameya ngati mwana wasukulu akulakatula, koma anakaniratu. "Mayina n'ngambiri, ena ndawaiwala, ena sindifuna kuwakumbukira. Iwe ukamva za meya uzifunsa chinthu chimodzi: mpandowo anamupatsa ndani?"

M'mawa mwake tinapita m'tauni tili atatu. Amalume anakwera njinga yolipira, ine ndi msuweni wanga tikutsatira wapansi. Tinayambira ku Down Shops, kumene masitolo a amwenye andandana, zitenje zili lendelende m'makonde, nsanja za mzikiti zikuonekera pamwamba pa madenga. Tinakwera pang'ono kumtunda, kufupi ndi bwalo la gofu, n'kukhala pamthunzi. Apa m'pamene anayambira nkhani yawo, ndipo anayambira kutali kuposa mmene ndinkafunira.

Mu 1898 asilikali a Angerezi anagonjetsa Angoni a Mpezeni woyamba, anapha mwana wake Nsingo amene ankatsogolera nkhondoyo, n'kulanda ng'ombe zambirimbiri. Chaka chotsatira panayamba kumangidwa tauni imene anaitcha Fort Jameson, potengera dzina la Leander Starr Jameson, mnzake wa Cecil Rhodes. Amalume mpaka lero akafuna kuseka amati "Fort Jimmy". Kuyambira 1900 mpaka 1911 kano kanali likulu la dziko lonse la North-Eastern Rhodesia, ndipo bwanamkubwa wake wodziwika anali Robert Codrington. Mu 1911 dzikolo analilumikiza ndi linzake la kumadzulo, likulu n'kukhala ku Livingstone, ndipo Fort Jameson inatsala tauni ya Azungu olima fodya ndi amwenye amasitolo. "Nthawi imeneyo mpando anagawana okhaokha," anatero amalume. "Munthu wakuda ankabwera m'tauni kudzagwira ntchito ndi kudzakhoma msonkho. Zoti ngalande ipite kuti, ankamufunsa ndani?"

Ndinakhala ndikuyang'ana udzu wometedwa wa pa gofupo n'kumaganiza kuti Lilongwe yathu imene timaitama ija, pamene kuno kunali likulu la dziko, inali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje.

Ufulu unabwera pa 24 Okutobala 1964, ndipo posakhalitsa dzina la Jameson linachotsedwa, tauni n'kukhala Chipata. Dzinali sitifunikira womasulira ife: ndi khomo, polowera pakati pa mapiri. Makhonsolo anayamba kukhala ndi makhansala osankhidwa ndi anthu, koma zinthu zinatembenuka dziko litakhala la chipani chimodzi cha UNIP. Lamulo la mu 1980 linaphatikiza chipani ndi khonsolo, ndipo wapampando wa khonsolo anakhala District Governor, munthu woikidwa ndi Pulezidenti Kaunda. Apa amalume anatsitsa mawu ngati kuti wina akumvetsera kuseri kwa mtengo. Akuti masiku amenewo khadi la chipani linali ngati kiyi wa pamsika. Ine ndinaseka, chifukwa amayi amasimba zomwezo za makhadi a kwathu nthawi ya a Kamuzu. Mchimwene ndi mlongo, wina uku wina uko, onse ankayenda ndi kapepala m'thumba.

"Ndiye nthawi imeneyo meya anali ndani?" ndinafunsa.

"Wamva koma sunamvetse. Kunali Gavanala. Mpando unachokera ku State House."

Chiluba ndi chipani chake cha MMD atapambana mu 1991, lamulo latsopano la makhonsolo linabwezeretsa umeya, ndipo mu 1992 anthu anavotera makhansala. Koma meya ankasankhidwa ndi makhansala anzake, m'chipinda, zitseko zitatsekedwa, ndipo kwa zaka zambiri ankakhala chaka chimodzi chokha, kenako kuvotanso. Iyi ndiyo nthawi imene amalume amaisimba mokoma, chifukwa ankaonera pafupi. Akuti chisankho chikayandikira, anthu oti chaka chonse sankapatsana moni ankapezeka akudyera nsima mbale imodzi. Munthu wongofunika mavoti a anzake ochepa sasowa kupita m'makomboni a Mchini kapena Nabvutika kukagwada kwa amayi otunga madzi. Amangofunika kudziwa amene wakwiya, ndi chimene chingamutonthoze. "Mkanjo womwewo, tcheni cha m'khosi chomwecho, mutu wokha ndi umene unkasintha. Usanazolowere kumutcha His Worship uyu, wabwera wina."

Sindikudziwa ngati amalume ankakometsera, paja okalamba akamasimba za kuntchito kwawo amathira mchere wambiri. Koma zimene ankanenazo sizinali zachilendo m'makutu mwanga, chifukwa kwathu meya wa Lilongwe kapena wa Blantyre amasankhidwabe motero, ndi makhansala, pakatha zaka ziwiri ndi theka. Ndipo tisaiwale kuti ife tinakhala kuyambira 2005 mpaka 2014 opanda khansala ndi mmodzi yemwe, mizinda ikuyenda yopanda meya, ambirife osazindikira n'komwe kuti pali chimene chasowa.

Kuno zinasintha mu 2016. Malamulo aakulu a dziko atakonzedwa mu Januwale chaka chimenecho, meya anayamba kusankhidwa ndi anthu onse a m'bomalo, kwa zaka zisanu, ndipo wopikisana aliyense anayenera kukhala ndi satifiketi ya Grade 12, kalasi yomaliza ya sekondale. Pa 11 Ogasiti 2016 ovota anapatsidwa mapepala asanu: la pulezidenti, la phungu, la meya, la khansala ndi la riferendamu. Ku Chipata anapambana a Sinoya Mwale a chipani cha PF. Iwowa ndi amene anali pa mpando pamene Pulezidenti Edgar Lungu analengeza pa 24 Febuluwale 2017 kuti Chipata tsopano ndi mzinda, wachisanu m'Zambia pambuyo pa Lusaka, Ndola, Kitwe ndi Livingstone. Tsikulo silinangogwa lokha: mawa lake kunali Ncwala, mwambo wa Angoni, ku Mtenguleni, tauni itadzaza kale alendo ndi zikopa za nyama. Amalume sanalephere kubayapo: "Waona? Ngakhale mzinda anautsegulira pa phwando la Mpezeni."

Chodabwitsa n'chakuti dzina litakula, dera linachepa. Mu 2018 Kasenengwa ndi Chipangali anazipatula kukhala maboma paokha, Chipata n'kutsala ndi madera a aphungu awiri, Chipata Central ndi Luangeni. Choncho meya wa mzindawu amavoteredwa ndi wamasitolo wa ku Down Shops pamodzi ndi mlimi wa kumidzi ya ku Luangeni amene nkhawa yake ndi feteleza, osati magetsi a mumsewu.

Titafika pa chisankho cha pa 12 Ogasiti 2021, msuweni wanga amene anali chete nthawi yonseyi analanda nkhani. Chimenechi ndi chake. Anapambana a George Mwanza, mnyamata wa zaka 27, woima payekha wopanda chipani, kugonjetsa a zipani zikuluzikulu. Msuweni akuti usiku umenewo ku Kapata sikunagonedwe. Amalume anangoti, "Ine pa zaka 27 ndinali ndikudulabe matikiti," ndipo sindinathe kudziwa ngati akunyadira kapena akudandaula.

Masana tinadutsa pa Civic Centre, m'mbali mwa msewu waukulu, pamene pali maofesi a khonsolo. Sitinalowe. Amalume anangoloza mawindo ndi ndodo yawo n'kundiuza kanthu kamene anthu ambiri ovota sakaganizira: wolemba ntchito za tsiku ndi tsiku, wosaina makalata, woyang'anira ogwira ntchito ndi Town Clerk, ndipo ameneyu sasankhidwa ndi mavoti, amaikidwa ndi bungwe la ku Lusaka loona za ogwira ntchito m'makhonsolo. Meya amatsogolera misonkhano ya makhansala ndi kuimira mzinda. Ndalama zimene zili pakamwa pa aliyense, za chitukuko zotchedwa CDF, zimene boma la a Hichilema linakweza kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni (makwacha a ku Zambia) mu 2022, zimawerengedwa potsata dera la phungu, ndipo zili ndi komiti yakeyake. Ndiye munthu angathe kuvala tcheni cholemera m'khosi, cholembera chili m'thumba la wina.

Apa ine ndi msuweni tinasiyana maganizo. Iye akuti ngati zili choncho, kuvotera meya n'kungosangalatsa anthu. Ine sindikuvomereza. Madzulo ndinapita ndekha pamsika wa Kapata kukagulira amayi mtedza, umene kuno amati nshawa, uja wa maso akuluakulu wa Chalimbana. Mayi wogulitsayo atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa ngati ndine wa ku Malawi, ndipo pocheza ndinamufunsa ngati amamudziwa meya wawo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati amadziwa mtengo wa mchere. "Nanga si tinamuika tokha? Akatilakwira tidziwa pomupeza." Mvula ikagwa ku Chipata madzi amatsika m'mapiri onsewa mothamanga, ndipo nkhani ya pamsika imakhala ngalande, zinyalala ndi tikiti ya tsiku. Mayiyu ali ndi dzina loti alitchule akamakamba zimenezi. Ine ndikakhala ku Area 25 madzi atalowa m'nyumba, ndimatukwana "a khonsolo", anthu opanda nkhope.

Tsiku lachitatu msuweni anandikweza phiri la Kanjala. Ndinapuma kanayi tisanafike pamwamba, iye akundiseka kuti a ku Lilongwe tinazolowera chidikha. Pamwambapo mzinda wonse uli m'munsi ngati chimanga m'lichero: nsanja za mzikiti, bwalo la David Kaunda, malata a m'makomboni akukwera m'mapiri kumene kale kunali mitengo. Chakumwera anandilozera mbali ya ku Feni, kumene kuli Ephendukeni, kunyumba kwa Mpezeni. Mpezeni wachinayi anakhala pa mpando mu 1982, Gavanala akadali wapampando wa khonsolo. Pofika nthawi ya ulendo wangayi anali ataona mapulezidenti asanu ndi awiri, kuyambira Kaunda mpaka Hichilema. Mameya ndiye osawerenga. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake amalume anatsitsa kapu ija.

Miyendo yawo, poti ndi imene ndinapitira, inali bwinoko. Amayi anatumiza mafuta opaka ndi ufa wa mgaiwa, ngati kuti ku Zambia kulibe chigayo, ndipo akazi awo a amalume anabwezera chitenje ndi nkhuku imene ndinakana kuoloka nayo boda.

M'mawa wonyamuka amalume anandiperekeza mpaka pamsewu, akutsimphina. Wanjinga atamanga kale chikwama changa kumbuyo, anandigwira dzanja.

"Iwe mphwanga, mfumu yanu ya mzinda ija, unaivotera chaka chanji?"

Ndinawauza kuti kwathu sitivotera, amasankhana makhansala.

"Oho. Ndiye mukadali mu 2015." Anatembenukira wanjinga uja. "Muyende naye bwino uyu, akubwerera kumbuyo."