Mmene ndinasungira maenvelopu a agogo m'timatumba ta pulasitiki

Agogo aamuna atamwalira, katundu wawo anagawidwa tsiku limodzi, koma bokosi lachitsulo limene linkakhala pansi pa bedi palibe analifuna, poti munali mapepala okhaokha. Ndinabwera nalo kwathu ku Zomba. Nditalitsegula ndinapeza makalata opitirira 200, ambiri akadali m'maenvelopu awo, omangidwa m'mitolo ndi mphira, ena ndi ulusi. Ena anali amene agogo aamunawo ali ku migodi ku Joni ankalembera agogo aakazi, nthawi ya Wenela. Ena anali ochokera kwa abale ku Salisbury (lero Harare) ndi ku Ndola, ena a mommuno.

Chimene chinandigwira mtima ndi zidindo. Pa envelopu ina chidindo chikuti Port Herald, kumene lero timati Nsanje. Pa ina Fort Johnston, ndiye Mangochi, ina Fort Manning, ndiye Mchinji. Pali masitampa a nthawi ya Chitaganya okhala ndi nkhope ya Mfumukazi Elizabeth, palinso a pambuyo pa 6 July 1964 olembedwa Malawi koma mtengo wake uli m'mapeni ndi masheleni, chifukwa kwacha ndi tambala zinabwera mu 1971. Maenvelopu ena ali ndi chidindo chachiwiri kumbuyo, cha positi ofesi imene inalandira, ndipo ukawerenga masiku a pakati pa zidindo ziwirizo umadziwa kuti kalata inakhala nthawi yaitali bwanji panjira. Tili ana tinkang'amba sitampa n'kutaya envelopu. Pamenepo nkhani yonse ya kalata imakhala yatayidwa. N'chifukwa chake ndinatsimikiza kuti envelopu iliyonse isungidwe yathunthu.

Amalume atamva zimene ndikufuna anati, "Mphwanga, bwanji osangokazichititsa laminate ngati masatifiketi? Madzi sangalowe." Ankanena ndi mtima wabwino, ndipo ambiri kuno timaganiza choncho. Koma makina amenewo amatenthetsa guluu n'kumulowetsa m'pepala momwe. Ukamata wamata, sungadzachotsenso osang'amba. Ndinawayankha mwaulemu kuti ayi, amalume, izi zikufunika pulasitiki woti tikafuna tizitha kutulutsamo.

Komabe nanenso ndinalakwitsa poyamba. Ndinagula alubamu ya zithunzi, ya masamba okhuthala, ofewa, onyezimira bwino, ndipo ndinalowetsamo maenvelopu 12 amene ndinkawakonda kuposa onse. Inakhala m'kabati chilimwe chonse. Tsiku limene ndinaitsegulanso, masamba anali akunata, ndipo nditasolola envelopu ya ku Port Herald ija ndinaona chithunzi cha chidindo chake chatsalira pa pulasitiki, chozondoka ngati m'galasi. Inki ina inachoka pa pepala kupita pa tsambalo. Chidindocho chikuwerengekabe, koma chinazilala, ndipo sichidzabwereranso mwakale. Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

Apo m'pamene ndinaphunzira kuti pulasitiki ndi wamitundumitundu. Wa alubamu ija anali PVC. Kuti PVC afewe amamuthira mankhwala onga mafuta, ndipo pakapita nthawi, makamaka kukamatentha, mankhwalawo amatuluka n'kusungunula inki. Akamakalamba amatulutsanso asidi amene amafiiritsa pepala n'kulifumbutsa. Woyenera kusungira mapepala ndi wa mitundu itatu: polyester, amene amagulitsidwa ndi mayina ngati Melinex ndi Mylar, polypropylene, ndi polyethylene. Ngati paketi ili ndi kachizindikiro ka mivi itatu kaja, 5 kapena PP ndi polypropylene, 2 ndi 4 ndi polyethylene, pomwe 3 ndi PVC, woyenera kumuthawa.

Vuto ndi lakuti mapaketi ambiri a m'mashopu ogulitsa zolembera salemba chilichonse. Ndiye ndinkagula kathumba kamodzi kaye n'kukayesa kunyumba. Choyamba ndi mphuno: PVC ali ndi fungo lamphamvu ngati la renikhoti yatsopano, pomwe enawo sanunkha kanthu. Chachiwiri ndi madzi. Ndinkadula kachidutswa, n'kukakankhira pansi m'kapu ya madzi momwe ndadonthezamo sopo pang'ono kuti thovu lisakagwire. Polypropylene ndi polyethylene amayandama. PVC amamira, koma polyester nayenso amamira, choncho kachidutswa kakamira mlandu sunathe. Pamenepo ndinkatenga waya wa mkuwa, kuugwira ndi pulayala, kuuotcha pa sitovu ya gasi mpaka lawi litasiya kusintha mtundu, kuukhudzitsa pa pulasitikiyo, kenako kuubwezera pamoto. Lawi likasanduka lobiriwira ndiye kuti muli chlorine, ameneyo ndi PVC. Ndinkachita izi mawindo ali otsegula chifukwa utsi wake si wabwino kuupuma. Tsamba la alubamu ija linayatsa lawi lobiriwira ngati masamba a chinangwa. Timatumba topyapyala ta A4, taziboo m'mbali toika m'mafayilo, tinayandama.

Ndisanalowetse chilichonse m'kathumba panali ntchito yaikulu yokonza maenvelopuwo, ndipo imeneyi ndi imene ndingachonderere munthu aliyense kuti asaidumphe. Pepala likalowa m'pulasitiki lili ndi chinyezi, ndiye kuti wamangira nkhungu nyumba. Ndinadikira mvula ithe, ndipo ndinayamba mu August. Ndinayala nsalu yoyera pa tebulo m'chipinda chodutsa mphepo, n'kutandika maenvelopu limodzilimodzi kwa masiku atatu. Padzuwa ayi, dzuwa limazilalitsa inki ndi mitundu ya masitampa. Mphira zija zinali zitauma n'kukakamira pa pepala, ndipo ndinkazinyamula pang'onopang'ono ndi nsonga ya kampeni kobuntha. Mapini ndi timawaya tomangira mapepala ndinachotsa tonse, ngakhale dzimbiri lake linasiya kale zipsera. Pamene agogo anamatapo selotepi sindinakhudzepo. Selotepi yakale ukaikoka imapita ndi khungu la pepala.

Maenvelopu ena anali ndi timadontho tofiirira ngati mabala a nthomba, ena anali ndi nkhungu youma yoyera. Ankhunguwo ndinawapatula, ndinatuluka nawo panja nditavala masiki, n'kuwasesa ndi bulashi yofewa yopentera zithunzi. Nsalu yonyowa sindinayerekeze. Pansi pa bokosi ndinapezamo tizilombo tasiliva tothamanga, timene timadya guluu wa masitampa ndi pamwamba pa pepala, komanso zitosi za mphemvu. Mitolo ya pansiyo ndinaiika m'matumba otseka bwino, ndinafinya mpweya, n'kuika mufiriza kwa sabata yathunthu. Magetsi atathima nthawi yaitali tsiku lachinayi ndinayambiranso kuwerenga. Potulutsa sindinatsegule thumba mpaka mawa lake, kuti thukuta la kuzizira lichite kunja kwa thumba, osati pa mapepala. Kuzizira kumapha tizilombo, koma nkhungu kumangoigoneka, ndiye kuuma ndi kumene kumaigonjetsa.

Kulowetsa kwenikweniko kunali kosavuta. Ndinkasamba m'manja, kupukuta bwino, osadzola mafuta. Envelopu imodzi, kathumba kamodzi. Ndinkatsegula kukamwa kwa kathumba ndi dzanja limodzi kuti mano a sitampa asakodwe polowa. Kalata ya m'kati ndinkaitulutsa, kuitambasula, n'kuiika m'kathumba kakekake kotsatana ndi ka envelopu yake, kuti wofuna kuwerenga asamapindepinde pepala lokalamba. Makalata a ndege abuluu aja, amene pepala lolembapo ndi envelopu yomweyo, ndinawagoneka otambasula m'timatumba ta A4 kuti mbali zonse zizioneka. Maenvelopu ang'onoang'ono ankasewera m'kathumba kakakulu n'kumapindika m'makona, mpaka msuweni wanga wa ku Johannesburg atandibweretsera timatumba ta polyester ta msinkhu wake. Polyester ndi wolimba, woyera mbee ngati galasi, koma amakoka tinthu topepuka ngati mmene chipeso chimakokera tsitsi. Choncho maenvelopu olembedwa ndi pensulo komanso ofumbutuka m'mphepete ndinawasiya mu polypropylene.

Kathumba kalikonse ndinakasiya kotsegula mbali imodzi. Mtima umafuna kutseka ndi selotepi kuti fumbi lisalowe, koma pepala lakale limatulutsa asidi wakewake, ndipo ukalitsekera limadziwononga lokha mwamsanga. Pa envelopu sindinalembepo kalikonse. Nambala ndinkalemba pa kapepala komata kunja kwa kathumba, ndipo m'kope lapadera ndinkalemba nambalayo, malo ndi tsiku la chidindo, wolemba ndi wolandira. Ndinajambulanso iliyonse ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo, n'kutumizira abale pa WhatsApp. Azakhali anazindikira dzanja la mchimwene wawo pa envelopu ya ku Ndola ndipo anandiimbira foni akulira.

Mafayilo ndinawaimika chilili, osadzaza kwambiri, chifukwa ukawasanjikiza kulemera kumakanikiza pulasitiki pa pepala. Malo oika ndinavutika nawo. Pansi pali chinyontho ndi chiswe, pamwamba pa kabati pafupi ndi malata pamatentha masana n'kuzizira usiku, khoma lakunja limanyowa dzinja. Ndinasankha shelefu yapakati m'kabati yotsamira khoma lam'kati. Ku Zomba kuno mvula ikayamba ngakhale nsapato zimachita nkhungu, ndiye ndinagula kachipangizo kakang'ono koyezera chinyezi. Kakamadutsa 65 peresenti nkhungu imayamba kumera. Ndinaikamo timapaketi tambiri ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi a zipangizo zamagetsi, ndipo tikakhuta madzi ndimatiumitsa mu uvuni wa moto wochepa n'kutibwezera.

Kuyambira December mpaka April ndimatsegula kabatiyo Loweruka lililonse, kununkhiza, n'kusanthula mafayilo awiri kapena atatu. Mu February chaka chino ndinapeza kadontho ka nkhungu pa envelopu imodzi ya ku Salisbury. Ndinaitulutsa, ndinataya kathumba kake, ndinaiumitsa n'kuisesa. Panopa ili payokha m'pepala loyera lopinda, pa shelefu ina, ndipo ndidzaibwezera kwa zinzake mu August.