Kukamwa kuli yasa

Munthu wamkulu amakhala ndi mafupa 206. Ine chibadwire sindinathyokepo ngakhale limodzi, ndipo nkhani imeneyi ndinkaiuza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Ndinagwapo panjinga, ndinagwaponso pamakwerero, koma ndinkangodzuka n'kusasa fumbi. Fupa limene linadzandichititsa manyazi linandipeza ndili khale pampando, m'manja mulibe kanthu.

Unali usiku, ana atagona. Mayi akunyumba anati, "Bambo, takhalani pansi tikambirane." Amuna anzanga mukudziwa kuti mawu amenewa satsogolera nkhani yaifupi. Mlandu wanga unali woti sindimvetsera munthu akamayankhula, ndimangodikira mpata woti ndiponyepo mawu anga. Ndinakana kwamtuwagalu, ndipo ndinalumbira kuti tsiku limenelo sindidula mawu mpaka amalize.

Mphindi khumi zoyamba ndinapirira. Kenako kuyasamula kunayamba kundikwera kuchokera pachifuwa. Ndinakumeza koyamba, ndinakumezanso kachiwiri, misozi ili lengelenge. Kachitatu kunandiposa mphamvu. Ndinayasamula ngati mkango wokhuta, ndipo kutsogolo kwa makutu onse awiri kunamveka kuti gwe! Ndiyese kutseka pakamwa, ayi ndithu. Pakamwa panakana.

"Mwayamba kundinyoza eti?"

"Aaa aa," ndinatero.

"Tsekani pakamwapo, ndinu munthu wamkulu inu."

Ndinaloza masaya ndi manja onse awiri, dovu litayamba kale ulendo wopita pamalaya. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandigwira chibwano n'kuchikankhira m'mwamba ngati akutseka chivindikiro chovuta. Ululu umene ndinamva unafika mpaka kuzala za kumapazi. Apa m'pamene anakhulupirira. Anayamba ndi mantha, zoona, koma manthawo sanakhalitse. Anatuluka panja kukamalizira kuseka, kuti ana asadzuke.

Kuchipatala ndinapita nditadziphimba ndi thaulo. Pabenchi yodikirira panali kamwana kena kamene kanandisuzumira m'kamwa, nako kanayasama, n'kukhala choncho kumandiyang'ana. Mayi ake anakakoka dzanja, koma nawonso mapewa ankagwedezeka.

Namwino anafunsa dzina langa. Ndinayankha kuti "Aaa." Anafunsa zaka. "Aaa." Anatembenukira kwa mayi akunyumba: "Vuto lawo n'chiyani?"

"Satseka pakamwa."

"Zayamba liti?"

"Zinayamba kalekale, koma lero zanyanya."

Adokotala anali munthu wokonda kuphunzitsa, ndipo atapeza wodwala wosatha kuwadula mawu anasangalala kwabasi. Anafotokoza kuti pa mafupa 22 a chigaza, ambiri ndi omangana zolimba, loyenda ndi limodzi lokha, nsagwada yam'munsi. Imakolekedwa pa mfundo ziwiri, kutsogolo kwa khutu lililonse. Ikani chala pamenepo n'kutsegula pakamwa, mumva kakutukumuka kakusuntha (chonde tsegulani pang'ono, musanditsatire). Mfundo imeneyi siingotseguka ngati chitseko basi, mutu wa nsagwada umatsetserekanso kupita kutsogolo. Kutsogoloko kuli kachitunda ka fupa. Ukayasamula mopyola muyeso, mutuwo umatha kulumpha kachitundako, ndiye minofu yotsekera pakamwa imakokana n'kuutsekera komweko. Minofu yomwe ija imene ndimatafunira ndiyo inali kundigwira pakamwa kuti pasatsekeke. N'chifukwa chake kukankha chibwano m'mwamba kunangowonjezera ululu: fupa linali likugunda kachitunda.

Zonsezi ankauza mayi akunyumba, akujambula papepala. Ine ndinali pambali, thaulo litanyowa, ngati chithunzi chophunzitsira. Ndinali ndi mafunso atatu ndi mfundo imodzi yotsutsa. Zonse zinafera m'khosi.

Kenako anavala magolovesi n'kuyamba kukulunga zala zawo zazikulu ndi bandeji yochindikala. Maso anga anafunsa. "Izi n'zodzitetezera ine," anatero. "Nsagwada ikabwerera m'malo mwake imatseka mwamphamvu, ndiye zala zanga zimakhala zili pamano anu." Anandikhazika pampando waufupi, mutu utatsamira khoma. Anaika zalazo pa mano am'mbuyo am'munsi, zala zinazo zitagwira kunsi kwa chibwano. Anati ndimasuke. Munthu umasuka bwanji manja a munthu wina ali m'kamwa mwako? Anakanikiza pansi pang'onopang'ono, osaleka, kenako n'kukankhira kumbuyo.

Kho!

Mano anga anakumana ngati abale otayana. Ndinatseka pakamwa, n'kutsegula pang'ono, n'kutsekanso, kungofuna kumva kukoma kwake. Mawu oyamba amene ndinakonza anali oti nkhani ya usiku ija ine sindinalakwe. Adokotala anandiimika ndi dzanja. Anati minyewa yogwira mfundo ija yatamuka, ndipo nsagwada imene yaguluka kamodzi sichedwa kugulukanso. Kwa milungu ingapo ndidye zofewa, ndisatsegule kwambiri pakamwa, ndipo kuyasamula kukabwera ndiziika chibakera kunsi kwa chibwano. Anandimanga bandeji kuchokera kuchibwano kuzungulira pamutu, mfundo yake ili pamwamba ngati makutu a kalulu.

"Adokotala," anafunsa mayi akunyumba mwaulemu wonse, "bandejiyi singakhale mwezi wathunthu?"

Tinafika kunyumba tambala woyamba atalira. Ndinalunjika kuchipinda, koma anandigwira mkono n'kundibwezera pampando womwe uja. Anakhala moyang'anizana nane, anakonza chibakera changa bwinobwino kunsi kwa chibwano, n'kunena kuti, "Paja ndinalekezera pati?"